Lachitatu galimoto yampikisano inanyamuka yokha pagaraja pathu

Sabata ino m'manja mwanga mwadutsa galimoto 6, koma imene ikundisowetsa tulo ndi imodzi. Zinazo zinali za masiku onse: oilo, kilatchi, mapadi, ndi ina yovuta kulira m'mawa imene vuto lake linali waya wa batire basi. Ndikulembera inu amakaniko anzanga za imodziyo, chifukwa Lachitatu tikanataya mwana wa eni ake tikuona, ndipo mpaka lero mtima wanga sunakhale pansi.

Ndi galimoto ya rallycross, mpikisano wothamangira pa phula ndi dothi losakanikirana, yopangidwira bwalo lotsekedwa, ndipo chipangidwireni sinakhalepo ndi nambala puleti. Mwini wake watsopano akufuna aziyenda nayo pamsewu, ndiye iyenera kukayezedwa kaye ngati ili yoyenera pamsewu. Yakhala pagaraja pathu milungu 5. Zambiri tinamaliza kale ndipo mukuzidziwa: matayala ampikisano tinachotsa n'kuika ololedwa pamsewu, nyali zonse ndi zokhala ndi chizindikiro cha E chosonyeza kuti n'zovomerezeka pamsewu, galasi lakutsogolo lapulasitiki tinasintha n'kuika lenileni losamwazika likasweka, hutala, nyali ya rivesi, sipidomita. Ekizozi inatidyera masiku atatu, chifukwa kuika catalytic converter (chosefera utsi) ndi sailensa pansi pa galimoto yotsika chonchija n'kulimbana ndi mpata wosakwana dzanja. Kachitsulo kosinthira mphamvu ya mabuleki pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo tinakamanga kuti dalaivala asamakatembenuze ali paulendo. Ntchito imeneyi ndimainyadira, ndipo aliyense angathe kugwada n'kuiyang'ana.

Chinatsala ndi handibuleki. Galimoto zotere zimakhala ndi chogwirira chachitali pafupi ndi chiwongolero, chokhala ndi master cylinder (pampu yokankha mafuta a mabuleki) yakeyake pa paipi ya mabuleki akumbuyo. Ntchito yake ndi yoti dalaivala akachikoka kwa kamphindi matayala akumbuyo aume, galimoto ipotoloke pakona yakuthwa. Sichinapangidwe kuti chigwire galimoto itaimikidwa. Lamulo la bungwe la United Nations nambala 13-H, limene mayiko ambiri amatsatira pa mabuleki a galimoto zazing'ono, limanena kuti buleki yoimikira igwire ndi zitsulo zokhazokha, osadalira mafuta, ndipo igwire galimoto yodzaza pamtsetse wa 20 peresenti, kaya yayang'ana kumtunda kapena kumunsi. Ndinawauza abwana mlungu woyamba womwe kuti tiitanitse ma caliper (zopanira disiki ya buleki) ang'onoang'ono okokedwa ndi kebo, ndi mabulaketi ake. Ndinalemba papepala. Mlungu wachitatu ndinakumbutsanso.

Lolemba ndinafunsa kuti katunduyo ali pati. Ndi pamene anandiuza kuti sanaitanitse n'komwe. "Amisiri, ikani kachitsulo kokolera chogwiriracho, chikakokedwa chizikhala pomwepo. Woyeza akakoka aona kuti galimoto yaima, nkhani yatha." Tsiku loyeza anali atalipirira kale, Lachisanu, ndipo mwini galimoto anali atalonjezedwa. Mwiniwakeyo amakonda kutikumbutsa za Porsche 917, galimoto yampikisano ya Count Rossi, munthu wolemera wa ku Italy, imene inayenda pamsewu mu 1975, kuti ngati chilombo cha mpikisano wa ku Le Mans ku France chinapeza nambala, yakeyi ingavute bwanji. Nkhaniyo ndi yoona, koma nambala ya galimoto imeneyo anakaitenga ku Alabama, ku America, pamene mwini wake ankayenda nayo ku Ulaya. Si chitsanzo choti munthu angamangirepo ntchito lero.

Ndinakana pakamwa, koma Lachiwiri madzulo kachitsuloko ndinakawotcherera. Ndinadziuza kuti n'kongoyembekezera. Apa ndi pamene ndinalakwa, ndipo sindikankhira wina aliyense.

Lachitatu cha m'ma 2 koloko tinaizungulitsa pabwalo lathu lakuseri kuti mapadi atsopano akhazikike. Mabuleki anatentha bwino. Mnzanga amene ankayendetsa anaiimika pakamtsetse ka kutsogolo kwa chitseko, kamene sikafika ngakhale theka la 20 peresenti ija, anakoka chogwirira, anakola kachitsulo kanga, n'kuisiya pa nyutulo poti timafuna kuilizanso kuti tiyeze utsi. Inaima nji. Ndinaikankha ndi bondo, osasuntha. Palibe amene anaika chotchinga kutayala, ndipo zotchinga zathu ziwiri zomwe zinali pansi pa galimoto ina imene inali pa jeke. Ndakhala ndikupempha zina kuyambira chaka chatha.

Kumunsi kwa mtsetsewo mnyamata wathu wophunzira ntchito, wa zaka 19, anali chonjuta kumbuyo kwa galimoto ya kasitomala wina, akumanga bampala. Msana unali kwa galimoto yampikisano ija.

Panapita mphindi ngati 40. Mafuta a mabuleki akatentha amafutukuka, akamazizira amabwerera, ma disiki ndi mapadi nawonso amatero, ndipo labala wa mu cylinder amalola kadontho kudutsa pang'onopang'ono. Mphamvu imene inagwira galimoto ili yotentha inatha yokha, chogwirira chili chikoledwere. Ine ndinali pa benchi, ndinangoona mthunzi ukuyenda pakhoma. Panalibe phokoso lililonse. Injini yozima, matayala atsopano, simenti yosalala. Ndinakuwa dzina lake mawu onse, ndipo mwamwayi sanatembenuke kuti aone, anangodziponya kumbali. Galimoto yolemera kupitirira tani imodzi inagunda pamene panali msana wake. Bokosi lake la masipanala linaphwanyika ngati chitini cha mkaka pakati pa mabampala awiri.

Anadzuka atasupuka chigongono chokha. Chimene chinandipweteka kwambiri n'choti anayamba ndi kupepesa: "Pepani amisiri, mwina ndinakhala pamalo olakwika." Ndinamukhazika pansi, ndinamupatsa madzi, manja anga akunjenjemera kuposa ake.

Abwana atafika, funso loyamba linali la bampala wa kasitomala. Lachiwiri linali loti kodi Lachisanu tikwanitsabe. Ndinatenga galainda pamaso pawo n'kudula kachitsulo kanga kaja, ndinakaika patebulo lawo. Ndinawauza kuti galimoto imeneyi sikutuluka pachipata ndi siginecha yanga mpaka kebo itamangidwa, ndipo akafuna apeze wina wosaina. Ndagwira nawo ntchito zaka 11 ndipo sindinawakwezerepo mawu, koma tsiku limenelo ndinakweza.

Usiku wake ndinaganiza kwambiri za chifukwa chimene ife okonda mipikisano timapeputsira buleki imeneyi. Galimoto yampikisano sikhala yokha. Ikaima pali amakaniko, pali jeke, pali ngolo yake, pali wina wagwira tayala. Zonse zimene zili m'menemo, roll cage (khola la mapaipi achitsulo loteteza dalaivala), malamba a nsonga 6, mpando wokumbatira thupi, zimateteza munthu mmodzi wovala chisoti amene ali mkati. Yapamsewu imasiyidwa pamtsetse usiku wonse, mwini wake ali m'tulo, ana akusewera kumunsi kwake m'mawa. Zambiri zimene woyeza amafuna ndi za anthu amene ali kunja kwa galimoto. Chikundiwawa n'choti mwina woyezayo akanapusitsika, chifukwa pa mphindi ziwiri zoyezera kachitsulo kanga kakanagwira bwinobwino.

Lachinayi abwana anaimba foni n'kusuntha tsiku loyeza, ndipo ma caliper anaitanitsidwa. Tsiku lomwelo panatulukanso nkhani ya nambala ya chasisi. Thupi la galimotoyi linagulitsidwa lopanda kanthu, la mipikisano basi, ndiye lilibe VIN, nambala yozindikiritsa galimoto ya zilembo ndi manambala 17 ija. Lili ndi kachitsulo ka amene anaimanga ndi nambala ya roll cage. Wina pagaraja ananong'ona zoti pali galimoto yangozi ya mtundu womwewo imene mapepala ake ali bwino, tingosamutsa nambala. Umenewo ndi mlandu, ndipo ndinayankha mokweza kuti aliyense amve. Njira yake ndi yotenga malisiti a thupi, injini ndi giyabokosi, zithunzi za ntchito yonse, n'kupempha ofesi yolembetsa galimoto kuti ipereke nambala yatsopano. Malisiti a injini mwini wake akuwasakabe, ndipo popanda amenewo inshuwalansi nayonso siyenda.

Lachisanu ndinasintha oilo wa galimoto ziwiri, ndinamaliza bampala uja, ndipo masana ndinadula matabwa n'kupanga zotchinga matayala 8 ndi manja anga. Mnyamata uja anabwera kuntchito chigongono chili ndi bandeji, ndipo bokosi la masipanala ndamugulira lina. Galimoto yampikisano ili mkati, pamalo athyathyathya, pa giya, matayala onse anayi otchingidwa, ndipo makiyi ali m'thumba mwanga mpaka katunduyo afike.