Zikomo nonse amene mwadzutsa nafe nyumba ya anganga ku Limbuli

Abale, anansi a ku Limbuli, ndi inu nonse amene muli kutali koma munatigwira mkono, ntchito ija yatha. Nyumba ya anganga, imene namondwe wa Freddy anaigwetsa khoma lakumbuyo ndi kuisasula denga mu Malichi 2023, yaimanso, ndipo mayi abwereramo. Amalume ndi amene andituma kuti ndilembe m'malo mwa mbumba yonse, chifukwa ndi miyendo yokha sitingafike pakhomo la aliyense amene anatithandiza.

Achinyamata ambiri amene munasenza mchenga mumangoidziwa kuti ndi nyumba ya mzungu. Ena munkandifunsa kuti tikuvutikiranji ndi chinyumba chakale chotere pamene ndalama zomwezo zikanamanga yatsopano yokongola. Funsolo linali labwino, ndipo pothokoza ndiyenera kuliyankha.

Tiyi anafika kuno ku Mulanje cha m'ma 1890, pamene Henry Brown anatenga mbewu ku mishoni ya Blantyre n'kudzadzala ku Thornwood. M'zaka zomwezo ndi zotsatira zake, Alhomwe ambiri ankawoloka Ruo ndi Muloza pothawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Makolo a anganga anali m'gulu limenelo. Malo anawapeza, koma malowo anali kale ndi mwini wake pa pepala, ndipo lendi yake inali thangata. Munthu ankagwira mwezi wina wolipirira malo, wina wa msonkho, ndipo miyeziyo inkagwera m'dzinja, munda wake ukudikira khasu. Komanso mwezi sunkatha ndi kalendala ayi, unkatha pamene kapitawo wadzaza tikiti.

Nyumbayi inamangidwa ndi thangata limenelo. Bambo awo a anganga anali mmodzi mwa oumba njerwa, ndipo mitanda ya mkungudza inatsika m'phiri pamitu ya anthu. Banja loyamba kukhalamo linali la mzungu woyang'anira chigawo cha esiteti, mkazi wake ndi ana awo. Anganga ali kamtsikana ankatunga madzi osamba a banjalo. Ankatiuza kuti ankatula ndowa pakhomo la khitchini n'kubwerera, ndipo khonde lakutsogolo sanalipondepo. Pamtengo wa mango umene uli kumaso kwa nyumba pankalendewera chidutswa cha njanji, ndipo chikalira mbandakucha, aliyense ankasiya phala pamoto.

Thangata linathetsedwa mu 1962, ufulu unabwera mu 1964, ndipo pasanapite nthawi mzungu uja anachoka. A esiteti anaikamo kalaliki wamkulu, Mtonga wa ku Nkhata Bay, ndi banja lake. Iwowa ndi amene anadzala mapeyala amene ana a pano amagenda mpaka lero, ndipo mayi a m'nyumbamo ndi amene anayamba kuitana amayi a m'mudzi kudzakhala pakhonde lija kuphunzira kusoka pa makina.

Ife tinalowamo chifukwa cha ku Joni. Agogo aamuna anapita kumigodi kudzera ku Wenela. Ndege yonyamula anthu a kumigodi itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu analetsa ulendo wa Wenela, ndipo agogo anabwera kwawo ndi bokosi lachitsulo, wailesi ndi kandalama kamene anasunga. Nthawi imeneyo kalaliki uja anali atapuma ntchito, ndipo a esiteti ankagulitsa nyumbayi ndi kamunda kake chifukwa zinali kunja kwa mizere ya tiyi. Agogo anagula. Poti anali mkamwini, anaitana eni mbumba n'kunena pamaso pawo kuti nyumba ndi ya mkazi wawo ndi ana ake aakazi, pasadzapezeke wa kuchimuna wodzaiitanitsa. Mpaka lero palibe anadzutsapo mlandu.

Mayi amasimba kuti atangosamukiramo, anganga anakana kugona kuchipinda chachikulu. Ankayala mphasa kukhitchini, pafupi ndi khomo lomwe ankatulira ndowa. Zinatengera azilongo awo kubwera kudzawakhazika pansi kuti avomere kuti palibe adzawathamangitse. Atavomera, ntchito yawo yoyamba inali kutsitsa njanji ija pamtengo wa mango. Anaipereka kusukulu ya pulayimale kuti izikhala belu la ana.

Banja lachinayi linabwera usiku. Mu 1986 nkhondo ya ku Mozambique inafika pa Milange, patsidya pomwepa, ndipo anthu anakhamukira kuno kudzera pa Muloza. Pamene zinafika pachimake, dziko lino linkasunga othawa nkhondo oposa miliyoni imodzi. Kwa ife kunafika mayi wina ndi ana ake pamodzi ndi apongozi ake osaona. Anganga anawatsegulira zipinda ziwiri zakumbuyo, anawadulira ndime ya chinangwa, ndipo anakhala nafe mpaka mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992, kenako anabwerera. Ife ana tinkadya nawo makaka ndi kalongonda m'mbale imodzi. Ena pamudzi ankati anganga akudzichulukitsira pakamwa pachabe, koma iwo ankangoyankha kuti kupatsa n'kuika.

Za Freddy sindinena zambiri, nonse munalipo. Mvula inagwa osakata, napolo anatsika m'phiri ndi miyala, ndipo m'dziko muno anthu oposa 1,000 anatisiya, ena mwa iwo anansi athu amene matupi awo sanapezeke. Nyumbayi ili pachitunda, choncho mabanja amene nyumba zawo zinakokoloka anathawira kuno. Anagona pabalaza, m'kholido, ena pakhonde. Khoma lakumbuyo litayamba kung'aluka, anyamata anatulutsa ana ndi okalamba onse m'zipinda za kumeneko, ndipo linagwa mulibe munthu. Anyamata inu, mayi amakutchulani m'pemphero tsiku lililonse.

Madzi ataphwa, mbumba inagawanika. Ena ankati nyumba ya thangata isiyeni igwe, taonani mavuto amene makolo athu anaona pomanga. Mawu amenewo sindiwanyoza, chifukwa amene ankawanena ndi omwe anamva nkhanizo kuchokera pakamwa pa eni ake. Koma ine ndinali kumbali ya amalume, ndipo ndikadali komweko. Mzungu anakhalamo n'kupita. Amene anaponda dothi, kuwotcha uvuni ndi kusenza mitanda ndi makolo athu, ndipo pa zonse zimene anagwira pa esiteti ija, chimene chinabwerera m'manja mwa ana awo ndi nyumba imeneyi yokha. Kuisiya kuti igwe kukanakhala kutaya malipiro awo kachiwiri.

Tsono zikomo kwa inu abambo mmisiri wathu. Anthu ena ankati tigule njerwa zatsopano, inu munakana, munati zakalezi n'zopsa bwino kuposa zimene timawotcha masiku ano. Amayi a Mvano, amayi achikatolika ndi amayi a kumzikiti munakhala pansi pa mango kupala dothi lakale pa njerwa imodziimodzi ndi zikwanje zobuntha. Pa ntchito imeneyo ndi pamene azakhali anatiitana kudzaona njerwa zina zili ndi zala za munthu, zala zinayi zodindika m'mbali, pamene woumba anaigwira isanaume pochotsa m'chikombole. Mayi anaikamo zala zawo ndipo anakhala chete nthawi yaitali. Mmisiri anatimva, ndipo njerwa zimenezo anazimanga kuyang'ana kunja pafupi ndi khomo la khitchini, osazipaka pulasitala.

Zikomo kwa inu akalipentala. Tinkaganiza kuti mitanda yonse yaola, koma mutapala umodzi, mkati munali mouma gwa, opanda chiswe, ndipo fungo la mkungudza linadzaza bwalo lonse. Mtengo umenewu, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa dziko lino mu 1984, watsala pang'ono kutheratu m'phiri chifukwa chodulidwa mwakuba. Kunabwera anthu mwamseri kudzatiuza kuti angatipezere matabwa ake usiku. Akalipentala anawabweza, ndipo pamene mitanda yakale inathyoka anaikapo bulugamu wothira mankhwala. Ndinanyadira kugwira ntchito ndi munthu wotere.

Amfumu, zikomo potipatsa anthu ndi potilola kutapa mchenga kudambo. Anyamata a timu ya mpira, munasiya masewero a Loweruka n'kumakankha wilibala pamsewu umene galimoto inkalephera kudutsa. Amayi a banki m'khonde, munabwereketsa mayi ndalama ya simenti n'kuwadikira modekha. Alongo ndi achimwene amene mumathyola tiyi, ndikudziwa bwino kuti dengu limalemera kumsana koma pa sikelo silibala zambiri, komabe tsiku la malipiro munkabwera ndi kenakake m'mpango. Achimwene a ku Johannesburg, malata ambiri ali padengapo ndi thukuta lanu. Ndipo inu amene munkaphika nsima ndi nandolo ndi kufulula thobwa la amisiri, popanda inu ntchito ikanaima masana aliwonse.

Pali anthu awiri amene anatidzidzimutsa. Mdzukulu wa kalaliki wa ku Nkhata Bay uja, amene amakhala ku Mzuzu, anaona chithunzi cha nyumbayi pa Facebook n'kuizindikira chifukwa cha mizati ya pakhonde, poti mayi ake anajambulitsapo ali ana. Anatumiza ndalama ya mazenera, n'kufunsa ngati mapeyala a agogo ake akadalipo. Achemwali, alipo, ndipo akabereka tidzakutumizirani pa basi.

Winayo ndi mwana wamwamuna wa mayi a ku Milange aja, amene tinkasewera naye ali wamng'ono. Tsopano ndi bambo wa ana, amabweretsa chimanga ndi nandolo pamsika wa Limbuli. Anamva za ngoziyi pamsika pomwepo. Anafika ndi njinga zitatu zonyamula matumba a chakudya cha amisiri, ndipo anapempha chinthu chimodzi, kuti zipinda ziwiri zakumbuyo amange nawo ndi manja ake. Anagona kuno mpaka khoma linafika pa lintala. Achimwene, mukawapatse moni mayi, ndipo muwauze kuti chipinda chawo chili ndi chitseko chatsopano.

Ngati pali amene sindinamutchule, mbumba ikumudziwa, ndipo amalume adzafika okha pakhomo. Tikudziwanso kuti pamene ife tikusangalala, pali mabanja amene anagona nafe pabalaza paja amene mpaka pano akukhala m'zisakasa za mapepala. Patsala njerwa, matumba angapo a simenti ndi malata akale amene akalipentala awawongola. Mbumba yagwirizana kuti zonsezi zipite kwa mayi wamasiye wa kuseri kwa chitsime, amene akulera zidzukulu yekha, ndipo mmisiri wavomera kuyamba maziko Loweruka likubwerali. Amene muli ndi mpata tikumane pansi pa mango m'mamawa, mubwere ndi makasu ndi ndowa. Thobwa afulula ndi mayi.