Agogo amanga okha mabatani

M'mawa uno kuno ku Mufakose, mumzinda wa Harare, agogo aamuna amanga okha mabatani a shati, koyamba chiwagwireni sitiroko. Zala zikunjenjemera, batani likuthawathawa, koma linalowa ndithu. Amayi nthungululu pakhonde, mpaka aneba kusuzumira pampanda.

Chandigwira mtima ndi njira yake. A fiziyo, achipatala othandiza odwala kulimbitsa ziwalo, anawauza kuti asanagwire kanthu azikhala kaye phee, atseke maso, adzione m'maganizo akutsina batani ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, n'kulikankhira pabowo pang'onopang'ono. Alendo amangoti agogo akuwodzera. Ayi. Munthu ukamaganiza kuti ukusuntha dzanja, mbali zambiri za ubongo zoyendetsa dzanjalo zimagwira ntchito ngati ukulisunthadi. Mu 1995 katswiri wa za ubongo Alvaro Pascual-Leone ndi anzake anapeza kuti ubongo wa anthu ongoliza piyano m'maganizo kwa masiku 5 unasintha mofanana ndi wa oliza ndi zala.

Komatu kuganiza kokha sikukwanira, agogo amatolanso nyemba imodziimodzi m'mbale madzulo alionse. Chimene chimandipweteka ndi achibale othamangira kuwaveka ndi kuwadyetsa poti kombi iwasiya. Abale, asiyeni alimbane nalo batanilo, ngakhale tiyi azizire.