Tochi ya adokotala ndi kamwana ka diso la amayi

Amayi anga ukawafunsa kuti "Mwadya?" amayankha kuti "Ndadya" ngakhale asanalawe kanthu. Safuna kuvutitsa munthu. N'chifukwa chake maso awo atayamba kuchita chifunga sitinadziwe msanga. Ndinazindikira tsiku lomwe anasankha nyemba pa lichero kwa nthawi yaitali, koma timiyala tonse tili momwemo.

Ku chipatala cha maso anatiuza kuti ndi ng'ala, ndipo inali itayera m'maso onse awiri. Adokotala anakweza dzanja n'kufunsa, "Agogo, zala zingati izi?" Amayi anayankha mwaulemu, "Zitatu, adokotala." Chinali chala chimodzi. Sankanama ayi, ankangoopa kukhumudwitsa munthu amene akuwathandiza.

Kenaka adokotalawo anazimitsa magetsi, n'kutulutsa katochi kakang'ono ngati cholembera. "Agogo, yang'anani kutali, musayang'ane ine." Anawalitsa diso lamanja, n'kudikira pang'ono, n'kulumphira kulamanzere, n'kubwereranso, kangapo konse. Atandiona ndikusuzumira anati, "Achemwali, sendererani kuno muone." Kuwala kukafika kumanja, kamwana ka diso kankafinyika msanga. Tochi ikalumphira kumanzere, kamwana ka uko m'malo mochepa kankayamba kutambasuka pang'onopang'ono, kuwala kuli pomwepo. Thupi langa linachita tsemwe, ngakhale ndinali ndisanamve tanthauzo lake.

Anandifotokozera modekha. Kamwana ka diso ndi kabowo chabe kolowera kuwala. Padzuwa kamachepa mpaka mamilimita 2, mumdima kamatha kukula kufika pa 8. Kumbuyo kwa diso kuli kachikopa kotchedwa retina. Kameneko kakalandira kuwala kamatumiza uthenga ku ubongo kudzera mu mtsempha, ndipo ubongo umalamula maso onse awiri nthawi imodzi kuti achepetse timabowoto. Zimachitika pasanathe theka la sekondi, mwini diso osafunsidwa. Ndiye ngati diso lina likutumiza uthenga wofooka, tochi ikachoka pa diso labwino kupita pa lodwalalo, ubongo umaona ngati kunja kwayamba kuda, n'kutsekula timabowo tija.

Chomwe chinandigwira mtima kwambiri ndi ichi: ng'ala payokha siichititsa zimenezi. Imabalalitsa kuwala, munthu n'kulephera kuona nkhope, koma kuwalako kumafikabe kumbuyo. Choncho dokotala amene sangathe kusuzumira mkati chifukwa ng'ala yatchinga, amadziwabe ngati kuseriko kukadali moyo. Kwa amayi, diso lamanja linali ndi chiyembekezo. Lamanzere linali ndi vuto lina pansi pa ng'alayo, ndipo atapima anapeza kuti ndi glaucoma, matenda omwe amawononga mtsempha mwakachetechete. Anatiuza mosabisa kuti mtsempha ukafa subwerera, tisayembekezere zambiri kumanzereko.

Usiku umenewo tulo sindinatione, ndinangokhala pa foni kuwerenga. Chizindikirochi chimadziwika ndi dzina la Robert Marcus Gunn, dokotala wa maso wa ku Scotland, ndipo njira yosinthasintha tochi ija inafotokozedwa ndi Paul Levatin mu 1959. Koma nkhani sinathere pa tochi. Mu 1998 Ignacio Provencio ndi anzake anapeza chinthu chomva kuwala, chomwe anachitcha melanopsin, m'khungu la chule wina wa m'madzi wa ku Africa kuno. Mu 2002 David Berson wa ku Brown University ku America anaonetsa kuti mu retina muli timaselo tochepa tomwe timamva kuwala patokha, makamaka kobiriwira ngati thambo. Timeneti, tomwe tili ndi melanopsin uja, ntchito yake yaikulu si kuona zithunzi, koma kuuza thupi kuti kwacha kapena kwada, ndi kusunga kamwana ka diso kali kofinyika.

Pamenepa m'pamene panabadwira kupima ndi mitundu ya kuwala. Makina okhala ndi kamera yoona mumdima amajambula diso, n'kuliwalitsira kuwala kofiira, kenaka kobiriwira kuja. Kofiira kukazima, kabowo kamabwerera msanga. Kobiriwira kowala kwambiri kukazima, kamakhalabe kakang'ono kwa masekondi ambiri, ndipo kwa odwala glaucoma kuchedwa kumeneku kumachepa. Kuwala kobiriwira kofooka, munthu atakhalitsa mumdima, kumayesa timaselo toonera usiku. Gulu lililonse la timaselo limayankha funso lakelake.

Ine ndimaona kuti kupima kotere n'koyenera anthu ngati amayi anga, amene sanaphunzire zilembo ndiponso amavomera chilichonse pamaso pa dokotala. N'koyeneranso khanda, kapena munthu amene sitiroko yamulanda mawu. Sikufuna kuti wodwala amve funso kapena alimbe mtima kunena kuti "sindikuona".

Opaleshoni anayambira kumanja. M'mawa mwake atamatula bandeji, amayi anakhala chete kanthawi, kenaka anandigwira chitenje n'kunena, "Iwe, ichi si changa chija ndinachisowa?" Chinalidi chawo. Kumanzere timathira mankhwala m'mawa ndi madzulo, ndipo botolo lake limakhala pa shelefu pafupi ndi mchere kuti tisaiwale. Nyemba akusankhanso okha, lichero atalipendekera kumanja.