Tsiku la pulinta ku Salima

Lero ndinalawirira pa kabaza kupita ku kaofesi kena pafupi ndi Kamuzu Road, kumene amatayipa makalata ndi kusindikiza ma CV, chifukwa amayi amene ndi eni ake anandiimbira usiku kuti kompyuta yawo yayamba kuchedwa. Kuchedwako kunali fumbi ndi kutentha kwathu kuno basi, koma nditatsegula mbiri ya ma update ndinagwira pakamwa, popeza Windows 10 ya pa makinawo inalandira update yomaliza mu 2020. Mnyamata wina anazimitsa ma update onse kuti asamadye bandulo, ndipo sindikumuweruza, pakuti bandulo ndi yodula.

Ndinakhala nawo pansi amayiwo n'kuwafotokozera za Print Spooler, pulogalamu imene imagwira ntchito mwakachetechete, kulandira zonse zimene tatumiza ku pulinta ndi kuziika pamzere. Pulogalamuyi imayenda ndi mphamvu za SYSTEM, zimene zimaposa ngakhale za administrator, akaunti ya woyang'anira kompyuta. Mu 2021 kunadziwika kuti ili ndi chilema chotchedwa PrintNightmare, chimene nambala yake ndi CVE-2021-34527. Munthu wa akaunti wamba ankatha kupempha Spooler kuti iike driver wa pulinta, kapulogalamu kothandiza kompyuta kulankhulana ndi pulinta, koma m'malo mwa driver weniweni n'kuipatsa fayilo yoipa ya DLL (mtundu wa fayilo yokhala ndi malangizo a pulogalamu), ndipo Spooler, posafufuza bwino ngati wopemphayo ali ndi chilolezo, inkayendetsa fayiloyo ndi mphamvu zake zonse.

“Ndiye kuti ana asukulu amene ndimawabwereka makinawa angalande chilichonse, achimwene?” anafunsa amayiwo atasiya tiyi wawo. Ndinawayankha kuti zili ngati mlendo amene mwamupatsa mpando pakhonde, koma wantchito wanu wamupatsira makiyi a kuchipinda. Chimene chinandipweteka mtima n'chakuti m'makinamo muli zithunzi za ziphaso za anthu ambiri a m'boma lino, amene anazisiya mokhulupirira.

Microsoft inatulutsa update yadzidzidzi pa 6 July 2021, ndipo mu August chaka chomwecho inakhwimitsa kuti administrator yekha ndiye aziika ma driver a pulinta. Ndinalumikiza foni yanga n'kuyamba kukoka ma update onse, koma magetsi anathima masana, motero tinadikira pamthunzi mpaka anabwera. Pa makompyuta ena awiri a muofesimo amene sasindikiza ndinatsegula services.msc, pamene pali mndandanda wa mapulogalamu ogwira ntchito mwakachetechete, ndinaimitsa Print Spooler ndi kuiika pa Disabled. Pa imene ili ndi pulinta sindikanatero, chifukwa ndiyo imabweretsa ndalama, choncho ndinaletsa mu Group Policy, mmene mumaikidwa malamulo a Windows, kuti Spooler isamalandire zopempha zochokera ku makina ena, kenako ndinatsegula akaunti wamba ya makasitomala, popeza onse ankalowa pa ya administrator yopanda password.

Ndisananyamuke ndinawauza kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo tagwirizana kuti ndibwerenso Lachisanu kudzaona ngati makinawa angathe kunyamula Windows 11.