Piyano ilibe batani la transpose

Piyano yathu ndi yachikale, yoimirira ija, ndipo tinaigula kwa banja lina lomwe linkasamuka mu Blantyre muno. Amuna asanu ndi mmodzi anatuluka nayo thukuta kuti ilowe m'nyumba mwathu ku Zingwangwa. Ine ndi mayi akunyumba timaphunzitsa piyano, ndipo tinayamba ndi ana awiri a aneba. Pano masana ndi a ana akaweruka kusukulu, Loweruka ndi la akuluakulu.

Poyamba ndinkaganiza kuti ovuta adzakhala ana. Ayi ndithu. Amene amandisowetsa tulo ndi anyamata oimba kiyibodi m'matchalitchi. Amabwera ali ndi khutu lakuthwa, kwaya ikangoyambitsa iwo agwira kale kiyi. Koma ambiri nyimbo zonse amaimbira mu kiyi imodzi, kwinako n'kungodina batani la transpose, lomwe limasintha kiyi palokha. Ukamukhazika pa makiyi 88 a piyano n'kumuuza kuti nyimbo yomweyo ayiimbe mu kiyi ya E flat, zala zimauma. Kenako pabwere pepala la manoti. Dzanja lamanja limawerenga mizere isanu ya m'mwamba, lamanzere isanu ya m'munsi, ndipo noti yokhala pa mzere wapansi kumtunda ndi E koma kumunsi ndi G. Munthu wokulira pa solfa ya kwaya, pomwe do amasuntha malinga ndi kiyi, zimenezi zimamuzunguza mutu.

Chovuta koposa ndi dzanja lamanzere. Limangofuna kulondola lamanja ngati mwana wogwira chitenje cha mayi ake. Mankhwala ake ndi amodzi: dzanja lililonse palokha, pang'onopang'ono, metronome (kachipangizo kosunga liwiro la nyimbo) ikugunda, kenako n'kuwaphatikiza. Tsono munthu amene Lamulungu mpingo wonse umamuombera m'manja, umuuze kuti sabata yathunthu abwereze timizere tinayi. Mmodzi ndinamutaya motero. Ndinamupatsa buku la ana oyamba kumene, anabwera kawiri basi, ndipo mpaka lero zimandiwawa chifukwa wolakwa ndinali ine. Masiku ano ndimayambira pa nyimbo imene munthuyo akuidziwa kale. Ndimailemba m'manoti, kuti maso aphunzire zimene khutu linagwira kalekale.

Kwa ana nkhani ndi ya kunyumba. Ola limodzi pa sabata silipanga woimba, koma mwana akayeserera pati? Amwayi ali ndi kakiyibodi ka Casio kapena Yamaha ka makiyi 61, opepuka ngati mabatani a foni. M'piyano muli tinyundo tomenya zingwe. Bartolomeo Cristofori anaipanga ku Florence, ku Italy, cha m'ma 1700 kuti woimba azitha kutsitsa ndi kukweza mawu ndi mphamvu ya chala, n'chifukwa chake dzina lake m'Chitaliyana limanena za kufewa ndi kufuula. Mwana wozolowera makiyi opepuka amamenya noti iliyonse mofanana, ndipo chala chachinayi chimakana kudzuka. Ena alibe chilichonse. Amenewa timawatsegulira khomo mmawa Loweruka kuti adzayeserere osalipira, ndipo magetsi akazima piyano imalirabe.

Nayo imadya ndalama. Dzinja likafika, chinyezi chimasokoneza zingwe zake zoposa 200, ndipo amisiri odziwa kuichuna kuno ndi ochepa, timachita kudikira pamzere.

Makolo ambiri mwezi ukangotha amafunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga mwanayu adzaimba liti nyimbo?" Ena akufuna mayeso a ABRSM, bungwe la ku London loyesa oimba, a Grade 1 mpaka 8, pomwe mwana amaimba masikelo (manoti okwera ndi kutsika motsatana) n'kuwerenganso kanyimbo kamene sanakaonepo. Ndimawapempha kuti tsiku lina akhale nawo pampando wakumbuyo. Sabata yatha bambo wina anakhala, n'kumva mwana wake akuimba mizere isanu ndi itatu ndi manja onse awiri osaima. Potuluka anandifunsa mtengo wa kiyibodi ya makiyi olemera.