Lachitatu mu wodi: odwala sitiroko awiri

7:40 m'mawa anafika nawo bambo a zaka za m'ma 60. Mbali ya kumanja ya pakamwa inali itagwa, dzanja lamanja ukalikweza n'kulisiya linkangogwera pabedi, ndipo mawu sankatuluka ngakhale amaoneka kuti akumva. Namwino sanayambe ndi zambiri: "Amayi, munawaona ali bwinobwino komaliza nthawi yanji?" Akazi awo anati 6:15, akumanga zingwe za nsapato. Yankho limeneli ndi limene linatsogolera zonse. Akanakhala kuti adzuka ali chonchi, tikanawerengera kuyambira nthawi imene anagona dzulo.

Changu chonsechi chili ndi chifukwa: sitiroko imachitika msempha wa magazi wa mu ubongo ukatsekeka kapena ukaphulika. Ubongo umalemera pafupifupi makilogalamu 1.4, koma pa mphindi iliyonse umalandira magazi okwana mamililita 750 ndipo umadya 20 peresenti ya okosijeni wa thupi lonse. Ulibe nkhokwe. Magazi akaima kotheratu munthu amakomoka m'masekondi 10, ndipo maselo amayamba kufa pakangotha mphindi zochepa. Magaziwo amakwera ndi mitsempha inayi: iwiri ya carotid kutsogolo kwa khosi, ija imagunda ukagwira pambali pa kholingo, ndi iwiri ya vertebral yodutsa m'mafupa a khosi. Pansi pa ubongo imalumikizana n'kupanga mkombero umene Thomas Willis anaufotokoza mu 1664. Mkomberowu umathandiza msempha umodzi wa m'khosi ukatsekeka, koma ngati mbulu ya magazi oundana yatseka nthambi ya kutsogolo kwake, thandizo lake limachepa kwambiri.

Kwa bambowa zizindikiro zinkaloza nthambi yapakati ya kumanzere. Mbali ya kumanzere ya ubongo ndi imene imalamulira ziwalo za kumanja, ndipo mwa anthu ambiri chilankhulo chimakhalanso komweko. Pakati penipeni pa malo otsekekawo pamafa msanga. M'mphepete mwake maselo amangokhala chete, akukhalira timagazi tochokera ku mitsempha yoyandikana, ndipo amenewa ndi amene timathamangira.

Shuga anali 6.8, kutanthauza kuti sanali wotsika. Timamuyeza kaye chifukwa akatsika kwambiri amanamizira sitiroko. BP inali 198/112.

8:10, sikani ya CT, yojambula mkati mwa mutu. Sinaonetse kanthu, ndipo n'zimene tinkafuna. Msempha ukangotsekeka kumene CT nthawi zambiri siionetsa bala; ntchito yake pa ola limenelo ndi kutsimikiza kuti mulibe magazi otayikira, omwe amaoneka oyera mbee. BP inatsitsidwa ndi mankhwala a labetalol mpaka pansi pa 185/110, kenako 8:35 anayamba alteplase, mankhwala osungunula magazi oundana omwe amaperekedwa pasanathe maola 4 ndi theka kuchokera pamene wodwala anaonedwa ali bwinobwino komaliza. Mlingo wake ndi mamiligalamu 0.9 pa kilogalamu, osapitirira 90. Bambowa amalemera makilogalamu 70, ndiye anali mamiligalamu 63: 6.3 kubaya nthawi imodzi, otsalawo m'diripi kwa ola lathunthu. Kuyambira pamenepo namwino ankayeza BP ndi mphamvu za ziwalo mphindi 15 zilizonse kwa maola awiri. Mutu ukayamba kuwawa mwadzidzidzi kapena wodwala akasanza, diripi imaimitsidwa pomwepo.

2 koloko masana kunabwera mayi a zaka za m'ma 50. Iwowa zinayamba cha m'ma 9 ndi mutu waukulu ndi kusanza, kenako mbali ya kumanzere inafooka. BP 230/130, mapilisi a BP anasiya kumwa miyezi ingapo yapitayo poona kuti akupeza bwino. Achibale anawamwetsa asipirini ndi madzi, anatsamwa, ndiye anadikira kuti mwina zisintha. CT inaonetsa chibanthu choyera mkati mwa ubongo kumanja: kamsempha kaphulika. Pa sitiroko 100 zilizonse, pafupifupi 15 zimakhala zotere, ndipo ndi maso okha sungasiyanitse motsimikiza ndi ya kutsekeka. Asipirini amene amathandiza pa kutsekeka, apa amangowonjezera kukha magazi. Achibalewo sitingawadzudzule, anachita mwachikondi. Koma madzi aja andidetsa nkhawa kuposa pilisi, chifukwa minofu yomezera ikafooka madzi amalowera ku mapapo, ndipo chibayo chimatsatira. Kwa mayiwa nambala yoyamba ya BP ikutsitsidwa cha ku 140, mutu wa bedi wakwezedwa madigiri 30, ndipo pakamwa sipalowa chilichonse mpaka atayezedwa kameza.

5 koloko madzulo bambo aja anakweza dzanja lamanja n'kulisunga m'mwamba masekondi angapo. Anatchulanso dzina la akazi awo, movutikira. ECG, makina oyeza kagundidwe ka mtima, yaonetsa kuti mtima wawo ukugunda mosalongosoka, vuto la atrial fibrillation, limene limachititsa magazi kudikha m'chipinda chapamwamba cha mtima n'kuundana. Mbulu ija iyenera kuti inachokera kumeneko. Mankhwala ena alionse oletsa kuundana adikira maola 24 ndi sikani yachiwiri.

Zosiyira a usiku: onse awiri azitembenuzidwa maola awiri alionse, dzanja lofookalo likhale pa pilo ndipo asalikoke powadzutsa chifukwa phewa limaguluka. Mayiwa thupi layamba kutentha, madigiri 38.1. Ubongo umatupa kwambiri pakatha masiku atatu mpaka asanu chichitikireni sitiroko, choncho aliyense mwa awiriwa akayamba kusinza modabwitsa kapena mboni ya diso limodzi ikakula, aitane dokotala osadikira kuti kuche.