Mapointi Otsala Ndiwo Alamule Cube

Cube ya m'masewero a backgammon (masewero a anthu awiri oyendetsa tizidutswa pa bolodi poponya madayisi), yomwe ili ndi manambala 2, 4, 8, 16, 32 ndi 64, inayambira mumzinda wa New York m'zaka za m'ma 1920. Wosewera akaona kuti zinthu zikumuyendera, amaiika patsogolo pa mnzake, ndipo mnzakeyo amasankha kukana n'kuluza pointi imodzi pomwepo, kapena kulandira n'kupitiriza gemuyo pamtengo wowirikiza; akalandira, cube imachoka pakati n'kukhala yake, ndipo ndi iye yekha angaibweze powirikizanso mtengowo.

Lamulo limene aliyense amayamba kuphunzira ndi lakuti munthu alandire cube ngati mwayi wake wopambana ukufika 25 pa 100. Masamu ake ngosavuta: mukakana magemu anayi muluza mapointi 4, koma mukalandira onse n'kupambana imodzi yokha, muluza 6 ndi kupeza 2, choncho mwatayabe 4 omwewo. Vuto ndi lakuti lamuloli ndi la masewero a ndalama, pomwe pointi iliyonse mtengo wake ndi umodzi. Mu mpikisano wothamangira mapointi oikika, monga wa dziko lonse umene wakhala ukuchitikira ku Monte Carlo kuyambira 1979, ine ndimaona kuti kukakamira 25 pa 100 kumagwetsa anthu ambiri kuposa madayisi oipa.

Taganizirani kuti inu mwatsala ndi mapointi 4, mnzanu watsala ndi 2, ndipo iye wakupatsani cube. Mukakana, iye atsala ndi pointi imodzi, ndipo matebulo amakono owerengera mwayi wopambana mpikisano, onga amene katswiri wa backgammon Neil Kazaross anathandiza kukonza, amasonyeza kuti mwayi wanu watsikira pafupifupi pa 19 pa 100. Mukalandira, palibenso chodikira: pa ulendo wanu wotsatira mumaibweza cube ija ili pa 4, pakuti kuluza mapointi 2 kapena 4 n'chimodzimodzi kwa inu, mpikisano watha basi. Gemu imodziyo ndiyo igamule zonse, kotero mwayi wongopitirira pang'ono 19 pa 100 ngokwanira kuti mulandire. N'chifukwa chake wotsogola pa mapointi amenewa ayenera kuugwira mtima asanakhudze cube, makamaka ngati pali mpata wa gammon, yomwe imachitika woluza akalephera kutulutsa ngakhale kachidutswa kamodzi ndipo imawerengedwa pawiri. Akangopereka cube, gammon yake yasanduka yopanda phindu, pomwe akanangosewera cube ili pakati, gammon yomweyo ikanamupatsa mpikisano. Kwa wotsalira zinthu n'zosiyana: iye apereke cube msanga pamene gammon ikununkhira, chifukwa mapointi 2 owirikiza ndi 4 amene akuwafunawo.

Onse awiri akatsala ndi mapointi 2, chiwerengero chimakwera. Wokana amakhala ndi mwayi wa pafupifupi 32 pa 100, ndipo wolandira sapindula kanthu pokhala mwini cube, popeza kuibweza kulibe tanthauzo. Apa wosewera amene mwayi wake ndi 28 pa 100 ayenera kukana, ngakhale kuti m'masewero a ndalama akanalandira mosazengereza. Pachifukwa chomwecho, cube imatuluka msanga kwambiri pa mapointi amenewa, kuopa kuti madayisi amodzi abwino angachititse mnzanu kukana pamene inu mumafuna kuti alandire.

Lamulo lotchedwa ndi dzina la katswiri wa masewerowa John R. Crawford limaletsa cube mu gemu yoyamba munthu akangotsala ndi pointi imodzi. Gemu imeneyo ikadutsa, wotsalira aipereke pa ulendo wake woyamba. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti ngati wotsalirayo akufuna mapointi 2, wotsogola angathe kukana popanda kutaya chilichonse madayisi oyamba akamuipira, chifukwa gemu yotsatira ndi imodzi yomweyo yogamula, koma yoyambira pofanana. Mapulogalamu a pakompyuta monga GNU Backgammon ndi eXtreme Gammon amawerengera kulandira pamalo otere ngati kulakwitsa.